Chilombo cha M'galasi

Ndinali ndi zaka khumi pamene sukulu yathu ya ku Barking inatitengera kunyumba ina yosungirako zinthu zakale pakati pa London. Amayi anga, omwe anali namwino, sanali pantchito tsikulo, choncho anatiperekeza kukathandiza aphunzitsi.

Chipinda cha zinthu za ku Africa chinali chapansi, chozizira ngati mosungira maliro. Magetsi ake anali ofooka, ndipo munkanunkha fumbi ndi mankhwala ophera njenjete. Pakona, m'bokosi lagalasi, munali chigoba cha gule wamkulu: nkhope yofiira, mano otuluka, nthenga zothothoka. Anzanga anathamangirako akuseka.

Amayi anaima chilili. Mayi amenewa, mtsogoleri wa amayi kutchalitchi, amene ankati zanyau ndi zachikunja, anagwada pansi, n'kuyang'ana kumbali, n'kuyamba kuomba m'manja pang'onopang'ono. Phokoso lonse linatha, kunangotsala phu, phu, phu wa manja awo. Manyazi anandigwira.

"Mami, dzukani please, anthu akuona!"

"Khala chete iwe. Si chidole ichi. Kwathu ku Dedza chilombo chikavina pamaliro chimabwerera kudambwe, kumanda kuja. Ichi sichinafike."

"Ndiye chikutani muno?"

"Chikudikira."

Ine, mwana wosamva, ndinachiyang'ana kumaso. M'mabowo a chigobacho munali maso, ndipo anaphethira. Lero ndimadziwa kuti anali maso anga omwe, m'galasimo. Koma thupi langa linachita tsembwe, ndipo mpaka pano silinavomereze zimenezo.

 Pobwerera, titatsika sitima ku Barking, amayi anati, "Pamaliro a agogo ako aamuna panavina zilombo. Nanga ichi chinkaperekeza yani? Womwalirayo anafika?"

Funso limenelo ndi limene linandilowetsa ntchito yanga. Tsopano ndimaphunzitsa payunivesite za ufulu wa eni nthaka, ndipo ndimakhala nawo pamisonkhano yoyanjanitsa anthu ndi nyumba zimene zikusunga zinthu za makolo awo. Kumeneko timamwa tiyi, timalankhula Chingelezi chosalala, ndipo aliyense amati nkhaniyo ndi yovuta. Ndimapsa mtima, sindibisa. Ndaona zinthu za mitundu ina zikukwera ndege kubwerera kwawo, koma chathu chija chidakali pakona pomwe paja.

Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti amayi sanagwadire mtengo wosema. Ankapepesa mlendo amene watsekeredwa ulendo usanathe, ndipo chiyanjano chimayambira pamenepo, osati pa siginecha.

Amayi anamwalira chaka chatha. Ndinawaperekeza mpaka ku Dedza, ndinawaika pafupi ndi bambo awo. Nditabwerera kuno ndinatsikira kuchipinda chija masana, ndinagwada alendo akundilambalala, n'kuomba m'manja nditayang'ana kumbali.

"Amayi aja afika," ndinachiuza. "Mwatsala ndinu."