Dambo la m'magalasi lili ndi mwini wake tsopano

Alamu anga a Jerevaziyo apangidwa opaleshoni Lachiwiri lapitali, ndipo ali moyo. Ndayamba ndi zimenezi kuti achibale a ku Madisi amene anayamba kale kusankha nyimbo za pamaliro apumeko.

Vuto lawo linali chotupa cha m'munsi mwa mimba, chija madokotala amati heniya. Chinayamba chaka chija anasenza okha belo la fodya pofuna kuonetsa anyamata kuti mphamvu zikadalimo. Adokotala anawauza mosabisa kuti tsiku lina matumbo adzapanikizika mmenemo, ndipo tsiku limenelo msewu wochokera kumapiri kwathu udzatalika. Mankhwala ake ndi mpeni basi.

Mpeni alamu sauopa. Amanena okha. Kungoti kawiri konse anafika pakhomo la chipinda cha opaleshoni n'kukumbukira zakumudzi. Ulendo woyamba anakumbukira kuti sanamange mbuzi. Wachiwiri sanakumbukire kanthu, anangopezeka ali pamsewu atavala kamkanjo kachipatala kotsegula kumbuyo kaja. Pachitunda cha ku Chezi anapitirira minibasi, kondakitala mpaka kuwapempha kuti akauze anthu kutsogoloko kuti galimoto ikubwera. Ine sindinama, mumandidziwa. Minibasiyo ikadalipo, mukhoza kukaifunsa.

Ulendo uno achemwali anga, omwe ndi akazi awo, anasankha ine kukhala gadiyani. Si chifukwa cha chifundo changa ayi. Kusukulu ndinkathamanga.

Tinapita kuchipatala china mumzinda komwe madokotala akuyesa njira yatsopano. Pa opaleshoni yotereyi munthu samugoneka tulo. Amamubaya jakisoni pamsana, thupi n'kuchita dzanzi kuyambira m'chiuno kutsika, koma maso akuona, makutu akumva chitsulo chilichonse. Ndiye pofuna kuti mtima usathamange, amamuveka wodwala chimagalasi chophimba maso onse ndi zomvera m'makutu. Ukavala, chipinda chimasowa. Umapezeka uli kwina. Ukacheuka ukuona zakumbuyo, ukakweza mutu ukuona thambo.

Kutatsala tsiku limodzi, namwino wina wodekha anabwera kudzawayesa magalasiwo. Zimene alamu ankaona, ife tinkazionera pafoni yaikulu.

"Bambo, tiyambe ndi pansi pa nyanja. Ambiri amakukonda."

Alamu anavala. Nsomba zamawangamawanga zinayamba kuwazungulira. Tinangoona munthu watupitsa masaya, maso a ife tonse ali pa iye.

"Pumani, bambo!"

"Mmm-mm!"

"Alamu, pumani, muli pabedi!"

Anavula akupumira m'mwamba. "Amayi, ine ndine wa kumapiri. Madzi ambiri amene ndinalowamo ndi a ubatizo, ndipo anali a m'kapu."

Namwino anasintha, n'kuwapititsa kudziko lozizira, mapiri oyera mbee ndi chipale. Makina oyeza mtima anayamba kulira ngati anapiye aona kabawi.

"Feteleza yenseyu wataya ndani? Yuliya weniweni! Alamu, thumba! Bweretsani thumba!"

Chithunzi chachitatu chinali dambo lobiriwira, kamtsinje kakuyenda pakati, maluwa uku ndi uku, ng'ombe zonenepa zikudya msipu. Malo oti munthu wa mu ofesi akhoza kugona tulo osavula nsapato. Alamu anayamba kucheuka uku ndi uku modekha. Namwino anamwetulira.

"Mwaona kukongola, bambo?"

"Malowa ngayani?"

"Si a munthu, bambo, ndi chithunzi chabe."

"Si a munthu? Madzi akuyenda chilimwe chino, popanda ngakhale bedi limodzi la nazale? Mwini wakeyo ali ndi manja?"

Namwino anafuna kusinthanso. Alamu anagwira magalasi ndi manja awiri. "Asiyeni. Ndikufuna ndione malire."

M'mawa mwake anawalowetsa. Gadiyani salowa, choncho ndinakhala pakhomo nditamanga zingwe za nsapato, maso ali kumazenera. Sipanatuluke munthu. Panatuluka mawu a alamu okha, ndipo zina anandiuza namwino uja akupukuta misozi ya phwete.

"Nazale ya fodya apa. Chigafa pamtunda apo, pasamafike chinyezi. Kabichi kumunsi."

Zitsulo za adokotala zikagundana, alamu ankagwedeza mutu. "Pali miyala. Palibe kanthu, tizula."

Kenako mfuu inamveka mpaka kuwodi ya amayi oyembekezera, moti awiri anachira nthawi isanakwane. Ndikulumbira. Anawo alipo, ndi athanzi.

"Iwe! Iwe yofiirawe! Choka uko!"

Ng'ombe inali kulowera kumene iwo anaika nazale.

"Mbusa wake ali kuti? Adokotala, muli pafupi ndinu, taigendani!"

Adokotala, omwe panthawiyo manja onse anali m'mimba mwa alamu, anayankha mwaulemu kuti aigenda akamaliza.

Atasoka, namwino anawagwira paphewa. "Bambo, tamaliza."

"Mwamaliza chiyani?"

"Opaleshoni."

"Yandani?"

"Yanu, bambo."

"Oo. Dikirani pang'ono, ndimalize mzerewu."

Tsono ine ndakhala ndikuganiza. Amene anapanga magalasiwa ankati munthu amadekha akaona malo opanda ntchito. Mwina kwawoko. Kwathu kuno mlimi akaona dambo logona mtima umamupweteka, ndipo umakhala pansi pokhapokha akayamba kuligawa. Mankhwala anagwira, koma analowera khomo lakuseri. Opanga zinthuzi akadzabwera kudzatifunsa, ndidzawauza kuti asavutike ndi nsomba. Aike munda wa mnansi wopalira mwaulesi. Wodwala adzakhala akudzudzula mpaka ulusi womaliza.

Koma chimene chandisowetsa tulo si chimenecho. Kodi alamu mantha aja anawatenga kuti? Mpeni wa dokotala anali asanauonepo.

Ndikuuzeni. Lamulungu, tisananyamuke, anthu anabwera kudzawazonda. Azakhali awo anakhala pamphasa, n'kuusa moyo, n'kuyamba: "Mwana wa anzathu a ku Msakambewa analowa akuseka chonchi. Anatuluka atamuphimba kumutu." Bambo wina wa m'mphakati wathu anaonjeza kuti iye anamva za munthu amene anamuiwalira sizasi m'mimba, moti akawerama malaya amadulika okha. Mayi wina anapemphera pemphero labwino ndithu, koma penapake anaiwala n'kupempha kuti mzimu wa alamu ulandiridwe. Potuluka, mnansi anandikokera pambali kufunsa mwaulemu ngati njinga ya alamu ili kale ndi mwini wake watsopano.

Amenewo si magalasi kodi?

Ndi magalasi, ndipo athuwa ndi amphamvu kuposa a kuchipatala. Safuna magetsi, safuna namwino. Munthu wagona pamphasa pake, ife n'kumuveka chithunzi cha bokosi, nkhata zamaluwa ndi anyamata akukumba. Akacheuka kumanzere akuona amayi akulira, akakweza mutu akuona dothi likubwera. Akathawa atavala kamkanjo kotsegula kumbuyo, ife tomwe timaseka kuti ndi wamantha. Tikafuna kumuthandiza timati, "Limbani mtima, ndinu mwamuna." Ngati kuti mantha amayamba afunsa ngati munthu ali ndi ndevu.

Chodabwitsa n'chakuti m'mudzi momwemo muli anthu amene anang'ambidwa n'kusokedwa, lero akupalasa njinga kukwera mapiri a ku Ntchisi atanyamula nkhumba. Amenewo sabwera kudzazonda. Ali kumunda. Amene amabwera ndi aja osunga mayina a omwalira.

Magalasi a kuchipatala sadzafika msanga pachipatala chathu chaching'ono, pomwe nthawi zina ngakhale magetsi amabwera ngati mlendo. Koma pakamwa tili napo kale aliyense. Ndiye inu, Lamulungu likubwerali mukapita kukaona wodwala mutanyamula nthochi zanu, mukamuveka chithunzi chotani?

Alamu ali kunyumba. Adokotala awaletsa khasu mpaka bala litapola, ndipo achemwali alibisa kudenga. Akuuza aliyense kuti iwo sanaopepo chibadwire, zothamanga zija kunali kulimbitsa thupi.

Dzulo kunabwera a Lazaro, mnansi uja wa njinga. Nawonso kani ali ndi chotupa chomwecho, akhala akuchibisa m'thalauza lalikulu zaka zonsezi. Anakhala pampando mopendekeka, chipewa chili m'manja, n'kufunsa chapansipansi ngati zimapweteka.

Ndinatchera khutu kuti ndimve magalasi amene alamu awaveke.

"Pitani, achimwene, musachedwe. Simumva kanthu. Mukafika mukakane nsomba, mukakane feteleza, mukanene kuti mukufuna dambo."

A Lazaro anapumira pansi, nkhope n'kumasuka.

"Koma mumve bwino," alamu anakweza chala. "Tsidya lino la mtsinje ndayamba ndine. Inu mukalime kutsidya. Ndipo mukaiona ng'ombe yofiira, muigende."