Galimoto imene inakana ukwati wa achimwene

Ndikukumbukira chaka chimene galimoto ya amalume inatsala pang'ono kuthetsa ukwati wa achimwene anga usanayambe n'komwe. Ndinali Sitandade 4, msinkhu umene mwana amatola zonse zimene akuluakulu akulankhula, eniake akuyesa kuti akusewera.

Amalume a Waisoni, mlongo wawo wa amayi, anagwira ntchito yonyamula katundu pabwalo la ndege ku Chileka mpaka makutu awo anagontha ndi phokoso. Atapuma ntchito anagula galimoto yakalekale, yobiriwira, ya msana wokhota, imene inakalamba iwo asanamere ndevu. Anaigula m'chilimwe, ndipo miyezi yonse ya dzuwa inawayendera bwino. Za mawaipa, timikono tija topukuta madzi pagalasi lakutsogolo, panalibe amene anaziganizira.

Mvula itangoyamba, achimwene a Fatsani anaulula kuti apeza mbeta ku Lirangwe, dzina lake Edina. Amalume ndiwo anali ankhoswe, oyenera kukaonekera kwa makolo a mtsikanayo. Amayi sankayenera kukhala nawo paulendowo, koma anati akatsikira pamsika wa Lirangwe kukagula nyemba, ngati kuti ku Chileka nyemba zinatha. Ine ananditenga kuti ndikasenze nyembazo. Titafika pamsika, amayi sanatsike.

Kwawo kwa Edina kunali pamwamba pa chitunda, ndipo msewu wake unali wamatope, wopapatiza, chigwembe chili pambali. Mvula inatipeza tili m'munsi. Amalume anayatsa mawaipa, nayamba kupukuta bwinobwino. Koma atangoponda mafuta kuti tikwere, mawaipawo anayamba kuyenda mwaulesi, kenako anaima pakati pa galasi, njii! Kutsogolo sikunkaonekanso. Amalume anaimitsa galimoto, ndipo nthawi yomweyo mawaipa anadzuka. Anapondanso mafuta, anaimanso. Tinavina gule ameneyu mpaka amalume anatukwana, n'kutembenuza galimoto mutu uli kunja kwa zenera. Potsika chitundacho mawaipa anathamanga kwapukwapu, osangalala kuposa aliyense m'galimotomo.

"Mwaona?" anatero amayi. "Kupita akukana, kubwerera akuomba m'manja. Amenewa ndi malodza, alongo."

"Mwati malonda?" anafunsa amalume.

"Malodza!"

Sabata yotsatira amalume anapala batire, anamangitsa mawaya onse amene anawaona, n'kulengeza kuti matenda atha. Tinapitanso. Mvula inagwanso, ndipo pachitunda chomwe chija zinachitika zomwe zija. Ulendo umenewu amayi anangopinda manja pachifuwa, nkhope ili ya munthu amene wawina mlandu.

Kwa Edina nkhuku zinali zitafa kawiri popanda mlendo wozidya. Makolo ake anatumiza uthenga waulemu koma wolasa: mwana wawo wasanduka choseketsa pachitsime, ndiye ngati Loweruka likubwerali ankhoswe saoneka, nkhaniyo ithere pomwepo. Achimwene anachonderera kuti amalume akwere minibasi, ngakhale kabaza, chitundacho akwere wapansi. Amayi anati angakwere ngakhale ndege imene, malodza aoneka kale, ndipo iwo mwana wawo sangamuponye kumudzi kumene ngakhale chitsulo chikukana kufikako. Kwathu mawu a amayi munthu sankawatsutsa. Achimwene anasiya kudya, n'kumangokhala kuseri kwa khola la mbuzi. Ndinawamvera chisoni kwambiri, ngakhale kuti ndiwo zawo ndinkadya ndine.

Lachinayi m'mawa amalume anandiitana pansi pa mtengo wa mango, atatsegula boneti.

"Esinati, ndibwereke makutu ako. Anga ndinawasiya kubwalo la ndege."

Anandionetsa chimene chinawasowetsa mtendere. Anali atafufuza waya wopita ku mawaipa, osaupeza. Galimoto imeneyo mawaipa ake sankayendera magetsi ayi. Panali kapaipi ka mphira kochokera ku injini kukalowa m'kachitini kena pansi pa galasi. Analiza injini, anazula kapaipiko, n'kundiuza kuti ndiike chala pakamwa pake. Kanandiyamwa chala ngati kamwana ka mbuzi, ine n'kukuwa. Kenako anaponda mafuta mwamphamvu, ndipo kuyamwa kuja kunafooka.

"Wamva? Injini ikamapuma imakoka mpweya kwambiri, mawaipa n'kumathamanga. Ikamalimbana ndi chikweza imaiwala za mawaipa. Komabe sayenera kuimiratu. Pali pena pamene mpweya ukuba njira. Tamvetsera."

Anabwezera kapaipiko, ine n'kuyamba kutsata ndi khutu, fungo la petulo likundilowa m'mphuno, kutentha kwa injini kukundiwamba tsaya. Kuseri, pamene kapaipiko kanakhota, ndinamva kaphokoso kakuti tsiii. Amalume anapinda pamalopo, ndipo mng'alu unayasama. Mphira unali utauma ndi ukalamba.

Ndinathamanga kukatenga legeni, mphira wa chubu cha njinga umene tinkamangira mitolo ya nkhuni. Koma amalume anaupinda n'kuuika m'thumba.

"Osati lero. Ndikamanga panopa, amako adzati malodza angobisala. Mawa tikawaone agogo ako, ndipo iwe pakamwa utseke."

Agogo amenewa anali amayi awo a abambo, cha ku Madziabango. Abambo anga anali mkamwini wofatsa, amene anakhala pamudzi wa amayi zaka zambiri osakwezapo mawu. Amalume anawauza kuti galimoto ikufunika kuyesedwa, ndipo ndi bwino alamu akaone kwawo. Amayi anavala chitenje chatsopano, anamanga nkhuku miyendo, tinanyamuka dzuwa likuswa mtengo.

Nakonso kwa agogo kunali chitunda. Tili m'munsi mwake, amalume anayatsa mawaipa pagalasi louma.

"Mwapenga kodi, alongo? Mvula ili kuti?"

"Mwati chiyani, achemwali?" anayankha amalume, amene ugonthi wawo unkakula pamene aufunira.

Anaponda mafuta. Mawaipa anakwekwereza pagalasi, anafooka, n'kuima pakati, njii! Amalume anaimitsa galimoto, mawaipa anadzuka. Anapondanso, anaimanso. Amalume anapukusa mutu mwachisoni chabodza.

"Pepani, alamu. Kwanunso ikukana."

Abambo anayang'ana mawaipa aja nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa amayi.

"Amake Fatsani, ndiye katundu wanga ndikatenge lero, kapena mundilola ndikolole kaye chimanga?"

Amayi anayesa kulimba. Milomo inanjenjemera, mphuno inatukumuka, kenako chiseko chinawaphulika mpaka nkhuku inadzidzimuka. Tonse tinaseka, amalume akumenya chiwongolero. Koma ine ndinali nawo pafupi, ndipo ndinaona pamene kuseka kuja kunasanduka kulira. Anadziphimba kumaso ndi chitenje chatsopano chija.

"Mwana wanga akupita," anatero. "Akakwera chitunda chimene chija, basi, ndi wa eni ake. Azikalima kwa eni, akadwala ndizimva kwa anthu."

Kwathu kuno mwamuna akakwatira amakakhala kwa mkazi, ndipo aliyense amadziwa zimenezi kuyambira ali mwana. Ine ndinali ndisanaganizepo kuti pali munthu amene zimamupweteka. Abambo analoza pamwamba pa chitunda, pamene panali mtengo wa mlambe.

"Tsiku limene ndinkabwera kwanu, amayi anga anandiperekeza mpaka pamtengo uwo. Anati mwendo ukuwapweteka, sangapitirire. Mwendo unalibe kanthu. Koma taonani, lero tikupita kukawaona, ndipo nkhuku mwanyamula ndinu."

Amalume anatsika, anatsegula boneti, n'kundiuza kuti ndiwaonetse amayi mng'alu uja. Amayi anaika khutu, anamva okha kaphokoso kaja. Anatenga legeni m'manja mwa amalume, nati amuna sadziwa kumanga, ndipo anakulunga kapaipiko okha, molimba ngati mtolo wa nkhuni wopita kutali. Madzulo amalume anadonthezera mafuta a makina osokera m'kachitini kaja, poti chikopa cha m'kati mwake chinali chitaumanso.

Loweruka mvula inagwa yamphamvu. Amalume anadzatiuza kuti pachitunda cha kwa Edina mawaipa anafooka ndithu, anayenda ngati nkhalamba yopita kumunda, koma sanaime. Amayi anali atatsikira pamsika, ndipo tsiku limenelo nyemba tinagula. Nkhuku yachitatu ya kwa Edina inapeza oidya.

Kwa zaka zambiri nkhani imeneyi ndinkaikamba ngati ya amayi amene ankaopa mawaipa, anthu n'kumaseka. Pano ndine mayi wa mnyamata wandevu, ndipo mwezi wathawu anabwera ndi mtsikana wa ku Mulanje kudzandionetsa. Mwana waulemu, wakhalidwe. Koma asanamalize n'komwe kumwa tiyi, ine ndinali nditapeza kale kuti amaseka mokweza, ndiponso kuti Mulanje ndi kutali. Tsopano ndikudziwa kuti mtima ukamaopa kutsala wokha sunena zoona zake, umangotola chilichonse chimene chili pafupi n'kuchiimba mlandu. Atapita ndinalowa kuchipinda, ndinalira pang'ono, kenako ndinaimbira foni achimwene a Fatsani kuwafunsa Loweruka limene ali ndi mpata wokaonekera ku Mulanje.