Dothi la m'mbali mwa manda

Mpaka lero ndikaona chimanga chitamasula ngayaye, mtima umandiwira.

Ndinabadwira m'komboni ya pafamu ya fodya kufupi ndi Centenary. Agogo anachokera ku Malawi, koma ine njira yake sindiidziwa n'komwe. Kamunda kamene mwini famu anatipatsa kanali kotheratu, ndipo fetereza sindikanamukwanitsa.

Tsiku lina kunabwera mudhumeni, mayi wophunzitsa zaulimi. Anafukula pansi natisonyeza tiulusi toyera ta bowa. Anati timeneti timagwirana ndi mizu n'kumaitungira madzi ndi chakudya. Anatiuza kuti titape dothi pansi pa mitengo yakalekale, tidzalemo mapira m'masaka, kenako tiduledule mizuyo n'kuthira m'maenje pobzala.

Nanga mitengo yakale tikanaipeza kuti? Yonse inathera kuwotcha fodya. Inatsala ya kumanda kokha.

Ndinapita masana dzuwa likuswa mtengo, khasu paphewa, aliyense akuona. Ndinatapa kunja kwa mpanda, pansi pa mombo, osaponda mtumbira wa munthu. Ndinachita zonse monga anatiuzira. Chimanga changa chinabiriwira bii, cha anzanga chili chachikasu.

Apa ndiye pakamwa pa anthu panatseguka. Akuti ndikudyetsa chimanga ndi mitembo. Akuti ndikukoka zokolola za m'minda mwawo. Amayi amene ndinkaimba nawo kwaya anasiya kudzapala moto kwanga. Anthu omwewa amadya bowa wa kumanda komweko chaka chilichonse, osafunsa kanthu!

Lamulungu titaweruka kutchalitchi, akapitawo a pafamu anaitanitsa msonkhano. Ndinapempha kuti aitane mudhumeni uja adzafotokoze. Anakana, amvekere zimenezi n'zathu, sizikhudza boma. Ndinawauza kuti amayi anga agona m'manda omwewo, kodi ndingawabe ine? 

"Mayi, sankhani," anatero akapitawo. "Chimanga chichoke, kapena inu muchoke m'komboni muno."

Ndichoke ndipite kuti? Anzathu achishona ali ndi kumusha kwawo. Ife kwathu ndi kanyumba ka zipinda ziwiri ka eni ake, ndipo ndinali ndi ana atatu. Akapitawo ankadziwa bwino zimenezi, poti nawonso alibe kolowera.

Tinatsetserekera kumunda, gulu lonse pambuyo panga ngati tikuperekeza maliro. Chikwanje akapitawo anapatsa achimwene anga enieni, obadwa nawo bere limodzi, ndipo iwo anachilandira maso ali pansi. Zimenezi ndiye zinandipsetsa mtima kuposa zonse.

"Achimwene, bweretsani kuno," ndinatero. "Musadzanene kuti munakakamizidwa."

Ndinatema ndekha, mzere ndi mzere, osalira. Phesi lililonse linali ndi ana awiri. Nditamaliza, mayi wina wa kwaya anandifunsa monong'ona ngati angatole mapesiwo akapatse mbuzi zake.