Chingerezi cha pa Nsanja ya Anyani

Chingerezi changa chinayamba kugwa chaka chimene ndinavinidwa. Mpaka Sitandade faifi, pa sukulu ya mishoni ya kwathu cha ku Ntaja, ndinali mwana wapakamwa. Aphunzitsi asanamalize funso, ine dzanja lili m'mwamba kale. Kenaka m'chilimwe ndinatha msinkhu, ndipo anandilowetsa ku chinamwali. Mpingo unkaletsa, inde, koma mpingo sunkagona m'mudzi mwathu.

Namkungwi anali amayi aakulu, mkulu wawo wa amayi anga ondibereka. Akhristu ndi Asilamu omwe ankatumiza ana awo kwa iwo, chifukwa mwana akadutsa m'manja mwawo ankatuluka wofatsa ngati nkhosa. Anatilanga zambiri zimene sindinganene pano. Zimene ndinganene ndi izi: bambo wamkulu akamakuyankhula gwada, maso pansi, mawu asapitirire mawondo ako. Ine mutu unali wogwira. Ndinamva kamodzi ndi kusunga zonse.

Ndinalowa Sitandade sikisi, kalasi lomaliza, ndili namwali wolangika bwino. Aphunzitsi a Chingerezi anali bambo a imvi. Akandifunsa ndinkayankha ndithu, koma ndinkauza zala za kumapazi kwanga. Pamene sindinamvetse sindinkafunsa, poti kubwerezetsa munthu wamkulu ndi mwano. Malikisi anayamba kutsika, nawonso mwaulemu, pang'onopang'ono.

Masiku amenewo, a Chitaganya, wolephera Chingerezi ankakhala walephera zonse. Ankachiyesa pawiri: kulemba, ndi kuyankhula pamaso pa woyesa wochokera ku Zomba. Ndikakhoza, asisitere a pa mishonipo anali atalonjeza kunditumiza kokaphunzira uphunzitsi. Ndikalephera, amalume anali atakonza kale. Panali telala wina pa Ntaja, wofedwa mkazi, msinkhu wa bambo anga.

"Sukulu ikakukana usadandaule," ankatero amalume. "Makina osokera sakana munthu."

Telalayo sanali woipa. Koma ndikamuona ndinkakalira kuseri kwa nkhokwe.

Tsiku lotsekera sukulu pokapuma pa Pasaka, amayi aakulu anabwera kudzamva zotsatira. Dzina langa linatchulidwa chakumapeto, pamene anthu anali atayamba kale kutola mikeka. Amayi aakuluwo anapita kwa aphunzitsi, nagwada.

"Bambo, mwanayu wadwala mutu kodi?"

"Iyayi, mayi, mutu uli bwino. Mawu ndiwo anatha. Chaka chatha ankatisokosa, lero ndimachita kuwerama kuti ndimve, ndipo msana wanga suli bwino. Woyesa wa ku Zomba sadzawerama."

"Zinayamba liti?"

"Atangobwera ku tchuthi cha chilimwe."

Amayi aakulu anadzuka, tinanyamuka. Njira yonse yobwerera anangoti, "Hmm."

M'mawa mwake anandidzutsa kuti tipite kumunda wa m'munsi mwa phiri. Chimanga chinali chitakhwima, nthawi imene anyani amatsika kudzakolola zimene sanalime. Pakati pa munda panali nsanja ya mitengo yolonderapo.

"Kwera," anatero. "Akabwera uwakalipire m'chizungu chakocho."

"Ndinene chiyani, amayi?"

"Ndidziwe bwanji ine? Kusukulu ndinapita ndine?"

Anyani anabwera. Patsogolo panali chinyani chachimuna, chachikulu, chothothoka ubweya paphewa. Aliyense wa kwathu akudziwa kuti nyani saopa munthu wamkazi. Chinakhala pachulu, n'kundiyang'ana. Ine ndinatsitsa maso, ndinati, "Gudu moningi." Chinathyola chimanga n'kuyamba kusenda mosapupuluma.

"Ha! Mpaka nyani ukumupatsa ulemu?" anakuwa amayi aakulu ali pansi pa nsanja. "Ndiye ndinakulanga mopitirira. Ameneyo si amalume ako! Muyang'ane kumaso!"

Ndinamuyang'ana. Anandionetsa mano, n'kudzikanda m'khwapa, n'kuthyola china. Apo mtima unandipsa. Chimanga chimenecho ndinapalira ndine, msana uli kuwawa. Ndinaimirira n'kumuthira zonse zimene zinali m'buku la Sitandade sikisi. Ndinamuuza mitsinje ya mu Afirika ndi kumene imathira. Ndinamuuza za mafumu a ku Mangalande, wina pambuyo pa mnzake. Ndinamufotokozera mmene amapangira sopo. Pa sopo paja anataya chimanga n'kubwerera kuphiri. Mpaka lero sindidziwa ngati anathawa Chingerezi kapena phokoso.

Tchuthi chonse ndinathera pa nsanjapo. Buku litatha ndinayamba kupeka zanga, kuwafunsa anyaniwo mafunso ndi kudziyankha ndekha. Mawu akandisowa ndinkasunga mumtima kuti ndikafunse aphunzitsi. Amayi aakulu ankakhala pansi akusenda nandolo. Sankamva liwu ndi limodzi lomwe, koma ankakonza. "Apo wameza mawu. Bwereza."

Vuto linali loti njira ya kumsika inkadutsa m'mbali mwa mundawo. Anthu anamva, ndipo anaona amene wakhala pansi pa nsanja. Mbiri inawanda kuti mwana wa namkungwi weniweniyo akukuwa ngati woledzera, maso ali tong'o. Telala anamva. Amalume anabwera atakwiya.

Amayi aakulu anagwada bwinobwino, maso pansi, mawu ofewa. "Akupirikitsa anyani, achimwene. Kapena mukalondere ndinu?"

Amalume anakumbukira kuti ali ndi ulendo wina.

Nditabwerera kusukulu ndinkagwadabe popereka moni, koma m'kalasi ndinkafunsa mpaka aphunzitsi kupempha madzi akumwa. Msana wawo unachira. Tsiku la mayeso oyankhula, amayi aakulu anandiperekeza mpaka pa mpanda wa sukulu.

"Ukamuyang'ane ngati uja wa kumunda," anatero.

Woyesa anali mzungu wofiira ndi dzuwa, wa ubweya m'manja. Nditalowa ndinamupeza akudzikanda pamene udzudzu unamuluma. Zimenezo zinandithandiza kwambiri. Anandifunsa motsitsa mawu kuti ndinachita chiyani pa tchuthi. Ndinamuyang'ana kumaso n'kumuyankha ndi mawu a pa nsanja. Anasuntha mpando wake chammbuyo. Ndinamuuza za anyani kuyambira pachiyambi, ndipo sanafunsenso china. Ndinakhoza, zolemba ndi zoyankhula zomwe. Telala anakwatira kwa Kalembo.

Chilimwe chimenecho nthawi ya zinamwali inakwana, koma pakhomo pa amayi aakulu panali zii. Palibe anabweretsa mwana, Mkhristu kaya Msilamu. Amayi a m'mudzi anati namkungwi amene amalanga m'nyumba n'kukamasula kumunda sangamupatse mwana. Anakatenga wina wa mudzi wa kutsidya. Ng'oma zikulira uko, amayi aakulu ankakhala pakhonde kusankha nyemba. Ntchito imeneyo anailandira kwa amayi awo, ndipo ndiyo inkachititsa kuti ngakhale amuna awapatukire panjira. Zinandiwawa kuposa mmene ndinakondwera ndi kukhoza kwanga.

Tsiku lopita ku maphunziro a uphunzitsi anandiperekeza okha. Tinawoloka Shire pa Liwonde, mpaka ku siteshoni ya sitima ku Balaka, iwo atasenza kabokosi kanga. Sitima itayamba kumveka ndinagwada pa fumbi monga anandilangira, maso pansi.

"Amayi, ntchito yanu yatha chifukwa cha ine."

Anandigwira chibwano ndi dzanja lawo lokhakhala, n'kundidzutsa nkhope mpaka maso athu anakumana.

"Ukuyang'ananso chiyani pansipo?" anatero. "Ine ndayang'anapo moyo wanga wonse, palibe chimene ndinatolapo. Kwera, ikusiya."