Maulendo Atatu a ku Zomba Kukasaka Mabatani

Ndikukumbukira tchuthi chimene ndinamaliza Fomu 2, tikukhala ku Domasi m'nyumba ya zipinda ziwiri. Kunkatentha moti malata ankalira okha masana, ndipo phiri linkaoneka mwa chizimezime chifukwa cha utsi. Amayi anali atagwira ntchito yotaipa pa ofesi ina kuyambira ine ndisanabadwe. Chaka chimenecho kunabwera bwana watsopano, nalengeza kuti makina otaipira akuchotsedwa, ndipo pakatha milungu itatu aliyense ayesedwa pa kompyuta. Wolephera azipita kwawo. Bambo anali atamwalira kale, ndipo nyumba imene tinkakhalayo inali ya kuntchito kwa Amayi.

Amalume anga, amene ankakonza makompyuta ku Lilongwe, atamva nkhaniyi anatibweretsera kompyuta yakale yoti Amayi aziphunzirirapo. Inali ya mtundu wotchedwa Linux, koma munalibe pulogalamu yolembera. Iwo anali pa ulendo wa maliro ku Malosa, choncho sanakhalitse. Anandisiyira sidi ndi kapepala ka mizere itatu.

"Pulogalamu ili m'menemu, Edina, koma ndi yosamanga," anatero. "Muli malangizo okhaokha amene anthu analemba. Utaipe mizere itatuyi motsatana, kompyuta idzaimanga yokha. Ikatha, amayi ako adzaona windo la mabatani ngati la kuofesi."

Ndinachita zomwezo m'mawa mwake. Mzere woyamba unayambitsa chigumula cha mawu a Chingerezi amene ankathamanga pa sikirini osawerengeka. Wachiwiri unatenga maola. Kompyuta inkalira ngati chigayo chakutali, n'kumatulutsa mpweya wofunda wonunkha fumbi. Magetsi anathima chapakati, ndipo atabwera ndinayambiranso. Pamene inkamaliza, Amayi anali atafika kuchokera kuntchito, atavula nsapato, atakhala pampando akupukusa mapazi otupa.

Ndinatsegula pulogalamu ija monyadira. Panalibe windo, panalibe batani, ndipo mausi sinkagwira chilichonse. Sikirini yonse inali bii, kakamzere kokha kakuphethira pakona.

"Ndi zimenezi?" anafunsa Amayi.

Sanandikalipire. Anangopumira m'mwamba n'kudzuka kukasonkha mbaula. Kupuma kumeneko kunandiwawa kuposa ndodo.

Tsiku lotsatira ndinayambiranso mzere woyamba uja, ulendo uno ndikutsata mawu ndi chala pagalasi. Ndinaona kuti kompyuta inkadzifunsa mafunso ngati pali chakuti, n'kumadziyankha yokha. Pa funso lina la zilembo zitatu, GTK, inayankha kuti ayi. Ndinayenda mpaka pa Songani kukaimbira Amalume pa kakauntala ka foni.

"Aa, ndinaiwala!" anatero. "GTK ndi bokosi la zida zojambulira mawindo, mamenyu ndi mabatani. Pulogalamu ikapanda kuzipeza pomangidwa, siidandaula, imangomangika yopanda nkhope. Upite ku Zomba pa intaneti ukatenge mafailo ake omangira."

Ulendo woyamba ndinkaumva kukoma. Ndinakwera minibasi, fulashi yobwereka ndili nayo m'sokosi. Malo a intaneti anali kachipinda kothina konunkha thukuta ndi chipisi, ndipo failo imodzi inkatsika pang'onopang'ono moti ndinawodzera. Nditafika nayo kunyumba, kompyuta inati failoyo siingalowe popanda anzake asanu. Ndinawalemba kuseri kwa kope la masamu.

Ulendo wachiwiri ndinabwera nawo asanuwo, koma awiri anafunanso anzawo. Zinali ngati kupita kwa munthu kukabwereka khasu, iye n'kukutuma kwa mlamu wake kukatenga mpini. Minibasi inafera pa Naisi ndipo ndinayenda wapansi dzuwa lili paliwombo, milomo itauma gwa. Ndinalira m'njira, osati chifukwa cha miyendo yokha. Masiku ankatha, ndipo ndinkaona ngati tikatuluka m'nyumba ija, mlandu udzakhala wanga.

Madzulo alionse Amayi akaweruka ankakhala pa kompyuta ine ndikuphika. Ndinkamva kiyibodi ikulira mwamphamvu, chifukwa zala zawo zinazolowera kumenya makina achitsulo. Ndinkaganiza kuti akungozolowetsa zala pa chisikirini chakuda chija podikira ine.

Ulendo wachitatu ndinatenga failo iliyonse imene dzina lake linkafanana ndi zimene zinkafunidwa. Kompyuta itadzifunsanso za GTK, inayankha kuti inde. Sindinakondwe n'komwe, ndinangogona pa simenti pozizira kudikira kuti imalize. Kutatsala masiku anayi, windo loyera linatseguka, mabatani ali ndandanda pamwamba.

Amayi anavala magalasi. Anagwira mausi ndi zala ziwiri ngati chinthu chakufa, kamuvi ka pa sikirini n'kuthawira kukona. Anakasaka, anakabweza, anadina batani losungira. Kenako anaisiya mausi ija, nadina makiyi awiri, ntchito yomweyo n'kuchitika.

"Mwadziwa bwanji zimenezo?" ndinafunsa.

Anatulutsa m'chikwama chawo pepala lodzaza ndi dzanja lawo. Masiku onse amene ine ndinkazungulira mu msewu, iwo anapeza malangizo mu pulogalamu yopanda nkhope ija, n'kumakopera makiyi osungira, ofufutira ndi osakira mawu.

"Dzanja likachoka pa kiyibodi limataya nthawi," anatero. Ataona nkhope yanga, anawonjezera kuti, "Koma abwana akufuna aone ndikugwira kambewaka. Bwera undiphunzitse."

Masiku anayi amenewo tinathera pa kudina. Ankakanikiza kwambiri, ankadina kawiri pofunika kamodzi, ndipo ankatukwana pansipansi m'Chilomwe cha agogo chimene sankachiyankhula nthawi ina iliyonse. Pa tsiku la mayeso anabwera mochedwa, anakhala pakhonde osavula nsapato. Anati pulogalamu ya kuofesi inali ina, makiyi awo ambiri sanagwire, koma mamenyu anawazindikira ndipo kalata anamaliza oyamba. Mwa otaipa anayi a pa ofesipo, awiri anatsala pa ntchito. Amayi anali m'modzi wa iwo. Sitinasangalale mokweza, chifukwa amene anachotsedwa anali anthu amene tinkapemphana nawo mchere.

Lero ndimagwira ntchito ya makompyuta ku Blantyre. Mafailo amene anandiyendetsa milungu iwiri amatsika onse pamodzi ndi mzere umodzi, tiyi asanazizire, ndipo ana amene ndimawaphunzitsa amakwiya akadikira mphindi imodzi. Ine ndimangomva kutopa kwina kwakale m'miyendo. Amayi anapuma ntchito, amalima mbatata ndi nandolo kumudzi. Ndinawagulira foni yamakono, koma sanandilemberepo ngakhale liwu limodzi. Amangotumiza mauthenga a mawu. Nditawafunsa chifukwa chake, anaseka.

"Ndinalembera anthu zaka zambiri, mwanawe. Tsopano azingondimvera."