Dzanja la Festy

Msuweni wanga Festy anakalambira pamphala, kumapeto kwa msewu wathu kuno ku Connemara, kumene basi imatembenukira poti kutsogoloko ndi miyala ndi nyanja basi. Sanali munthu woti ungamucheukire kawiri. Ankaweta tinkhosa towerengeka, kukumba mbatata, kututa ndere kugombe zothira m'munda, ndipo chipewa ankavula m'tchalitchi mokha. Koma m'mutu mwake munali nyimbo za mayi ake, azakhali anga, zimene iwonso anazitenga kwa makolo awo a pachilumba. Zinali nyimbo zazitali za m'chilankhulo chathu, zoimba munthu mmodzi popanda choimbira chilichonse, za asodzi omira ndi atsikana opita ku Amereka osabwerako. Enafe tinkadziwako zidutswazidutswa. Zathunthu zinali mwa Festy yekha.

Ankakhala ndi mkulu wake Darach, nayenso wosakwatira, ndipo anthu awiriwa sankalankhulana. Ena amati inali nkhani ya bwato la bambo awo, ena amati mtsikana. Ine ndimati ndi kuuma mutu kwa kumtundu kwathu, poti ndimakudziwa bwino. Ankadya patebulo limodzi, mbatata m'mbale imodzi, aliyense maso pawindo lake. Darach akafuna mchere ankauza galu kuti mchere uli kutali.

Kwathu kuno munthu akayamba nyimbo yaitali sasiyidwa yekha. Wina amasendera pafupi, n'kumugwira dzanja, n'kumalipukusa pang'onopang'ono mozungulira, monga tipukusira makina osokera, mpaka nyimbo ithe. Wa Festy anali Darach. Kaya paukwati, kaya Lamlungu masana m'khitchini mwa munthu, Festy akangokokera chipewa kumaso, Darach ankadzuka nkhope ili gwa, kukoka mpando, kugwira dzanja la mng'ono wake. Pakati pa ndime ankang'ung'udza kuti, "Mulungu asakufooketse, mwana wa mayi." Nyimbo ikatha ankalitaya dzanjalo ngati lamuotcha, ndiye kuti zatha mpaka ukwati wina. Amati chibale ndi fupa, sichiola, koma cha awiriwa chinkaonekera panyimbo pokha.

Ndili mtsikana kunabwera bambo wina wandevu, wotolera nyimbo zakale, atanyamula makina a tepi aakulu ngati sutikesi. Anajambula nyimbo imodzi m'khitchini mwawo, ya msodzi amene anamira akuona utsi wa nyumba yake. Kenako makinawo anavuta, bamboyo n'kupita, ati adzabweranso. Sitinamuonenso.

Darach anamwalira m'nyengo ina yozizira, atagwa akubwera kokaona nkhosa. Festy sanalire pamaliro, ndipo kuyambira pamenepo sanaimbenso. Anthu ankamupempha, iye n'kumati pakhosi pauma. Patebulo paja anapitiriza kukhala mbali yake yomwe ija, maso pawindo lake lomwe lija, ndipo ine zinkandimvetsa chisoni mpaka kundikwiyitsa.

Patapita zaka, tsiku lina ndikukanda ufa wa buledi, ndinamva Festy akuimba pa wailesi. Achinyamata ena a mumzinda wa Dublin anali ataipeza tepi yakale ija, n'kuikamo magitala, vayolini ndi ng'oma. Sindinganame, zinkakoma, ndipo akuti anthu ankazivina mpaka kunja. Ndinathamanga nayo wailesiyo manja ali mbuu.

"Asuweni, mwatchuka! Tsopano mwina mupeza mkazi, ngakhale mano atha."

Anamvetsera mutu uli pansi. "Ameneyu ndani, Nainsí?"

"Ndinu, nanga ndani? Mwayamba kugontha?"

"Mawuwo ndi anga. Koma munthuyu akuimba yekha. Ine sindinaimbepo ndekha chibadwire."

Ndinangoti ndi zaukalamba, n'kubwerera kubuledi wanga.

Chilimwe chotsatira kunabwera Muireann, mtsikana woimba vayolini m'gulu la achinyamata aja. Anali mwana waulemu, wolankhula chilankhulo chathu mosamala ngati akuyenda pamiyala yoterera, poti anachiphunzirira kusukulu. Ankafuna kujambula nyimbo zonse za Festy, osaikamo ng'oma, kuti zisungike mmene zilili. Nthawi imeneyo adokotala anali atandinong'oneza kale kuti chifuwa cha Festy sichimufikitsa patali. Ndinadziwa kuti akapita, nyimbo za azakhali apita nazo, ndiye ndinamuumirira mpaka anavala suti yake ya maliro n'kukwera galimoto ya mtsikanayo kupita kumzinda wa Galway.

Kumeneko anamulowetsa m'kachipinda ka galasi kojambuliramo nyimbo, kumuveka zomvera za m'makutu pamwamba pa chipewa, n'kutseka chitseko. Ife tinkamuonera kunja. Anakokera chipewa kumaso, kutsegula pakamwa, dzanja lamanja n'kunyamuka lokha pabondo. Linakhala m'malere kanthawi, kenako n'kubwerera. Mawu sanatuluke.

"Nditulutseni mufiriji muno," anatero.

Muireann sanataye mtima. Anati cholakwa ndi malo, n'kubwera ndi makina ake m'khitchini mwa Festy momwe. Tinakoleza moto, tinawiritsa tiyi, ine n'kukoka mpando.

"Bweretsani dzanjalo kuno, asuweni, musatichedwetse."

Anayamba bwinobwino, koma asanafike pakati pa ndime anaima.

"Nainsí, ukupukusa kapena ukupopa madzi pamjigo?"

"Nanga ine ndinakaphunzira kuti? Dzanja lanunso likulemera ngati nkhuni yaiwisi."

"Ukundithamangitsa. Msodziyu sanafike n'kugombe komwe, iwe wamumiza kale."

Anayesa Muireann, mofatsa, akuchita kuopa. Festy anapita patsogolo pang'ono, n'kuimanso, n'kumusisita mtsikanayo pamkono.

"Dzanja lako ndi labwino, mwanawe, koma likudikira ine. La ujeni silinkadikira. Linkadziwa kumene nyimbo ikupita, ine n'kumangotsatira."

Ngakhale pamenepo dzina la mkulu wake sanalitchule. Kenako anafunsa, maso ali pawindo: "Pa wailesi paja, mpando munauchotseranji?"

Muireann anayamba kufotokoza mwachangu, ngati mwana amene akuyembekeza kuyamikiridwa. Akuti tepi yakale inali yauve. Munali kulira kwa mpando kosalekeza, komanso munthu wina amene ankang'ung'udza pakati pa ndime. Anagwira ntchito yaikulu kufufuta zonsezo ndi makina kuti mawu a Festy amveke oyera. Ali mkati molankhula anaona nkhope yanga, mawu n'kumuthera.

"Munthu winayo ali kumanda kuseri kwa tchalitchiko," ndinatero. Sindinafune kumupweteka, koma mtima unali utandiwawa.

Muireann atabweranso anabwera ndi tepi yosatsuka ija, ataisamutsira m'kamakina kakang'ono. Anakaika patebulo n'kudina. Kunamveka kaye kaphokoso ka tepi yakale, wotchi yapakhoma, galu amene anafa kalekale akudzikanda. Kenako mpando unayamba kulira, kwii, kwii, pang'onopang'ono, mmene thupi la Darach linkapendamira popukusa. Festy wachinyamata analowa ndi mawu ake. Ndime yoyamba itatha, mawu okhuthala aja anamveka pafupi penipeni, ngati munthuyo ali nafe patebulo:

"Mulungu asakufooketse, mwana wa mayi."

Ndinatembenukira kumoto kuti asandione. Pocheuka ndinapeza Festy atatambasula dzanja patebulo, likuzungulira lokha motsatira mpando. Analowa nyimbo pa ndime yachiwiri, mawu ankhalamba pamwamba pa mawu a mnyamata, ophwa koma osaphonya. Muireann anayatsa makina ojambulira mwakachetechete. Festy anaimba mpaka msodzi anamira, osapumira pakati.

Ine ndinaomba m'manja ngati wamisala. "Mwaona! Pakhosi pouma paja pali kuti? Tiyeni ina, asuweni, ya mtsikana wa ku Amereka ija, chitsulo chikadali chamoto."

Anayesa. Muireann anabwezera tepi, n'kutsitsa mawu kuti mpando wokha uzimveka chapansipansi. Festy anayamba mzere woyamba, wachiwiri, n'kupunthwa. Anayambanso, n'kupunthwanso pomwepo. Mpandowo unkayenda mayendedwe a nyimbo ya msodzi, ndipo nyimbo iliyonse Darach ankaipukusa mwa njira yakeyake.

"Iyi yokha ndi imene anapukusa mmenemo," anatero Festy. Kenako analoza kamakinako ndi chibwano. "Tabwezera, mwanawe. Kweza."

Masana onsewo tinamvera nyimbo imodzi yomweyo. Pochoka, Muireann anamusiyira kamakinako atamuonetsa podina. Anabweranso kangapo, nthawi zonse ndi chiyembekezo, ngakhale kubweretsa nkhalamba ina ya kumudzi wina yodziwa kupukusa, koma sizinathandize. Festy ankamulandira bwino, kumupatsa tiyi ndi nsomba yamchere, n'kumuimbira ya msodzi.

Ndikamapita ndi buledi m'mawa, ndinkaima kaye pakhomo. Mkati munkamveka mpando ukulira, ndipo Darach akati "mwana wa mayi," Festy ankayankha. Ankamuuza za nkhosa, za denga lodontha, za mtengo wa palafini. Zimene sanamuuze ali moyo ankamuuza tsopano, ndipo ine ndinkangosiya buledi pawindo n'kubwerera.

Festy anamwalira nkhosa zikuswa. Chimbale cha Muireann chinatuluka chaka chomwecho, ndipo mbali yaikulu ndi achinyamata aja akuimba zawo. Ya Festy ndi imodzi, yomwe ija anali nayo kale, koma ulendo uno mpando anausiyamo.

Nyimbo zinazo ndimangodziwa mitu yake. Nthawi zina ndikamayanika zovala ndimapezeka ndayamba ya mtsikana wa ku Amereka. Ndimamufikitsa mpaka padoko, atanyamula bokosi lake, akuyang'ana ngati wina wabwera kudzamuperekeza. Pamenepo mawu amandithera, ndipo padziko lonse palibe woti ndimufunse ngati munthuyo anabwera.