Kuphunzitsa Apongozi Mawaya

Nditakwatiwa ndinasiya ntchito yokonza mawailesi mu Lusaka n'kukakhala ku Kanakantapa, kumene mwamuna wanga anapatsidwa munda. Inali nthawi ya chipani chimodzi, sopo ndi shuga tikuimira pamzere, mabatire tikuwaanika padzuwa kuti wailesi ilankhuleko pang'ono. M'katundu wanga munali kabolodi koyera ka timabowo, kolumikizira zipangizo popanda kuwotcherera, ndi chitini cha marezisita ndi matiranzisita ozula m'mawailesi akufa.

Apongozi anga aamuna, amene kale ankayendetsa malole, ankakhala nafe, ndipo dimba linali m'manja mwawo. Madzi ankabwera pa paipi kuchokera ku kadamu n'kuthira m'diramu, koma kawirikawiri diramulo linkasefukira iwo ali uko akupalira repu. Tsiku lina anatuma mwamuna wanga kudzandifunsa ngati ndingapange chinthu cholira madzi akadzaza. Ndinavomera. Uthenga wachiwiri unati iwo sakufuna kupangiridwa, akufuna kuphunzira.

Apa ndiye panandivuta. Mpongozi sukhala naye moyandikana, ndipo sungamuuze kuti walakwitsa. Choncho anaika kampando pakati pathu pansi pa mtengo wa mango, iwo mbali iyo, ine pamphasa mbali ino, kabolodi n'kumakankhirana.

Ndinawajambulira pulani ya mawaya pachikatoni, yoti madzi akakhudza mawaya awiri kabelu kazilira. Anaiyang'ana, kenako anaitembenuza.

"Mayi, ici cokhotakhota ni njoka?"

"Ni rezisita, batata. Icepetsa mphamvu ya malaiti."

"Nanga apa mizere yapingasana, ikumana?"

Ndinawauza kuti pali kadontho m'pamene mawaya agwirana, popanda kadontho wina wangodutsa pamwamba. Nkhope yawo inamasuka.

"Oho. Apa ni jankishoni, apa ni buliji. Munene cabe kuti ni mapu."

Kuyambira pamenepo anatsata mzere uliwonse ndi kamtengo, kuchoka ku batire mpaka kubwereranso, akung'ung'udza ngati ali pa chiwongolero. Chimene chinawasokoneza ndi kabolodi. Sanakhulupirire kuti timabowo ta mzere umodzi n'tolumikizana kunsi, poti maso sakuona. Anabaya miyendo yonse iwiri ya rezisita mumzere umodzi, n'kundikankhira kabolodi monyadira.

Ndinayang'ana pansi, ndikufunafuna mawu.

"Batata, kapena uyu mwendo ungakondwe ukakhala pa nyumba yake."

Apongozi aakazi, amene ankasenda nyemba chapatali, anaseka mpaka nyemba kutayika. "Auzeni cabe kuti alakwa. Ine nimawauza daily."

Tinatha masana angapo tikuchita zimenezi. Zala zawo zinali zikuluzikulu, zozolowera sipanala, ndipo timawaya tinkawapulumuka n'kugwera mumchenga, nkhuku n'kumathamangira. Tiranzisita anaiika chotembenuza kangapo. Koma sanalole kuti ndigwire. Ndikatambasula dzanja ankati, "Lekani, nizafika."

Tsiku loyesa ndinabweretsa madzi m'kapu. Anagwira mawaya awiri aja, n'kuwaviika pang'onopang'ono. Kunali zii. Anabwerera ku katoni, natsata ndi kamtengo kawo, mpaka anapeza okha waya wa ku batire uli pa bowo loyandikana ndi loyenera. Atausuntha n'kuviikanso, kabelu kanalira mokweza moti galu anadzambatuka pamene anagona.

Apongozi anayesanso. Anavuula mawaya, kanaleka. Anaviika, kanalira. Anachita zimenezo mpaka apongozi aakazi anawalanda kapu.

M'mawa mwake apongozi aamuna anaika zonse m'chitini cha mafuta ophikira n'kukachimangirira pa diramu. Anthu a m'minda yoyandikana anabwera kudzaona, ngakhale tcheyamani wa chipani anafika ndi njinga yake, nafunsa ngati chinthucho chimagwira mawailesi akunja. Apongozi anamukhazika pansi, natulutsa katoni ija, n'kuyamba kumufotokozera kuyambira ku batire. Munthuyo anachoka dzuwa litapendeka, atanyamula mtolo wa repu ndi lonjezo lakuti Loweruka abwere ndi mabatire ake adzaphunzire.